Madontho a Agogo Ake a Nora

1

...nde mmene ndimanena muja, mbama yanga yoyamba ku Australia kuno sanandimenye mami ayi. Anandimenya agogo a eni ake kkkkk. Pa dzanja, phaa, mpaka zala zinachita dzanzi.

Dikirani ndiyambe bwinobwino. Ine ndi Debbie, ndili ndi zaka 17, ndinabwera kuno ku Perth ndili Fomu 1 kuchokera ku Area 25. Adadi anabwera kudzachita sukulu yawo yosatha ija, mami amagwira ntchito yosamalira okalamba. Timakhala ku Armadale, kumene nyumba zake ndi zotchipirako, nde mukamva zoti kunja musaganize kuti ndimadzuka ndikuona nyanja pa windo.

Nora ndi mnzanga wa kusukulu. Tinadziwana tsiku limene tonse awiri anatitulutsa m'kalasi chifukwa choseka. Ine ndili ndi vuto limeneli, ndimaseka paliponse, olo pa maliro, makamaka ndikachita mantha. Nde mukamaona ma kkk munkhani muno musamaganize kuti zonse zinali zokoma. Nora ndi wa mtundu wa Aborijini, eni ake a dziko lino. Kwawo kwenikweni ndi kuchipululu, masiku awiri pa galimoto, fumbi lofiira ngati la ku Lilongwe mu Okutobala koma kulibe kabaza olo mmodzi.

Agogo ake anawabweretsa mtauni chifukwa cha impso. Katatu pa sabata amapita kuchipatala kukawalumikiza ku makina otsuka magazi aja. Dzina lawo sindilemba. Anatisiya, ndipo kwawoko munthu akamwalira dzina lake silitchulidwa, foto yake siyionetsedwa, mpaka papite nthawi abale anene okha kuti tsopano zatheka. Nde munkhani muno ndi agogo basi.

Tsiku loyamba kupita kwa Nora ndinawapeza pa khonde la kuseri. Anakhala pansi, miyendo atatambasula ngati azimayi a kwathu pa mphasa, kumutu chipewa cha ulusi cha timu yawo ya mpira, kumapazi masokosi aamuna. Pansi anayala chinsalu chachikulu cholimba, pambali timabotolo ta penti. Amaviika kamtengo, kofanana ndendende ndi tobayira kanyenya, nkumadontheza pa chinsalupo. Dontho, dontho, dontho. Koma dzanja limanjenjemera poti anali atangochokera ku makina.

Nanga ine si mwana woleredwa bwino? Mukudziwa kale, sungaone munthu wamkulu akuvutika ndi ntchito iwe uli chiimire. Ndinagwada, ndikuti ndikulandireni agogo, ndikutenga kamtengo kaja m'manja mwawo. Nde mbama ija inatulukira pamenepo.

Nora anaseka mpaka anagwera pa mpando. Agogo sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkulankhula m'chinenero chawo.

"Akufunsa ngati kwanu kulibe dziko," anatero Nora akupukuta misozi. "Poti ukufuna kupenta la eni ake."

2

Nora anandifotokozera tikudya tchipisi pa sitepe. Akuti chinsalu chilichonse cha agogo si maluwa ongokongoletsa ayi, ndi malo enieni. Zozungulira zija ndi zitsime za m'matanthwe, mizere ndi njira zimene amayi awo amadutsa atawabereka. Malo amenewo amapenta ndi okhawo amene ndi awo mwa kubadwa. Olo Nora yemweyo amangololedwa kudontheza m'mphepete, mtundu wa penti akusankha ndi agogo. Nde ine mlendo wa ku 25 ndangofika nkulanda kamtengo kkk, ndinali ndi mwayi kuti inali mbama imodzi.

Koma kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana. Amanditchula wakuba timitengo. Ndimapita Loweruka lililonse, ntchito yanga inali kutsuka timabotolo ndi kuwathirira tiyi. Amandinong'oneza kuti ndiwonjezere shuga amene adokotala anawaletsa, ine ndimanamizira kuthira, iwo amalawa nkundiyang'ana ngati ndawabera mbuzi. Anandiphunzitsa makadi nkumandibera poyera. Mpira wa kuno wooneka ngati dzira uja ukayamba pa TV, amatukwana osewera m'zinenero zitatu.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono kwa Nora, iwo eni ake amati ndimafunsa kwambiri. Anabadwira kutchire. Galimoto analiona koyamba ali ndi zaka mwina 10, akuti anathawa nkukabisala tsiku lonse. Anachapa zovala ku mishoni zaka zambirimbiri. Kupenta anayamba atakalamba kale, ana onse atakula. Pano zinsalu zawo zili m'nyumba zikuluzikulu ku Sydney, zina zinakwera ndege kupita kumaiko amene iwo sanapondeko. Koma kuwaona pa khonde paja ndi masokosi awo, simungadziwe. Perth samaikonda, amati kuli mipanda yambiri komanso nthaka yake siyiwadziwa. Nora amati agogo akamapenta ndiye kuti apita kwawo, thupi lokha latsala pa khonde.

Chinsalu chikatha amachipinda nkuchitumiza ku senta ya kumudzi kwawo, imene amayendetsa ndi anthu openta eni ake. Kumeneko amachilemba nambala kumbuyo, nkuchipatsa pepala lake, kenako nde chipite kokagulitsa. Nora anati chinsalu chopanda pepala la senta usamachikhulupirire. Akuti mtauni muno muli anthu amene amasaka okalamba odwala, kuwagulira nkhuku yokazinga, kuwapatsa penti, nkukagulitsa modula kwa azungu. Awiri anafikapo pa geti, agogo anawathamangitsa ndi ndodo.

Loweruka lina ndinafika molawirira. Nora ndi amayi ake anali ku shopu, chitseko chinali chosakhoma, nde ndinangolowa. Agogo anali okha pa khonde ndi chinsalu chatsopano, chakuda bii, chopanda dontho olo limodzi. Amalemba mizere ndi zinthu zina zoyera ndi zofiira, uku akuimba chapansipansi. Anzanga, sindinaonepo chinthu chokongola choncho. Ndinaima pa chitseko mwina mamineti teni, osapuma bwino. Atandiona anakoka thawulo nkuphimba msangamsanga, nkundituma tiyi ndi mawu amene sindinawamvepo.

Patapita masabata awiri zonse zija zinali zitakwiririka ndi madontho, osaonekanso. Ndinamufunsa Nora kuti nanga bwanji amabisa pokongola penipeni. Anasiya kuseka.

"Za pansizo ndi za azimayi a banja lathu," anatero. "Si za maso a aliyense. Olo ine sanandiuze zonse. Madonthowo ndi chofunda."

Ndinati ohoo, ngati za kuchinamwali. Ndinamva ndithu. Koma ndinamva ndi khutu limodzi.

3

Tsopano ndikuuzeni za sisi Lettie. Ndi mwana wa mayi aakulu, anabwera zaka ziwiri zapitazo kudzachita yunivesite, ndipo timagona chipinda chimodzi. Ine sisi Lettie ndimawakonda moti ndikanatha kumwa madzi amene asambira, kkk pepani koma ndi zoona. Amandiluka tsitsi, amandibisira ndikachedwa, amadziwa dzina la mnyamata amene ndimamufuna mu kwaya. Kalikonse ka ine amakadziwa.

Pa wikendi amagwira ntchito mtauni, mu shopu yogulitsa zinsalu zopenta kwa alendo odzaona malo. Mwini wake ndi Oliver, mzungu wa ndevu zometa bwino, wonunkhira ngati sopo wa mu hotela, wolankhula mofatsa ngati abusa. Sisi anali chaka chomaliza, viza yawo imatha, ndipo Oliver anawalonjeza kuti akasangalala nawo adzawalemba ntchito yokhazikika yoti akhale kuno. Nkhani imeneyi inali pa mapemphero a banja tsiku lililonse. Olo popempherera chakudya mami amaitchula.

Tsiku lina pa tebulo ndinatchula dzina la agogo, nthawi imeneyo ali moyo. Sisi anagwetsa supuni. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti munthu amene ndimamutsukira timabotoloyo ndi ndani, akuti Oliver wakhala akufuna chinsalu chawo olo chimodzi kwa zaka, koma senta imamukaniza. Ine ndinanyada ngati agogowo ndi anga. Anandipempha kuti ndiwajambuleko mafoto awaone. Agogo amakonda foto, amayamba akonza kaye chipewa. Ndinatumiza asanu. Pa foto ina anakhala pa khonde akumwetulira, manja ali penti yekhayekha.

Kenako sisi anati ndifunse ngati Oliver angabwere kudzangowapatsa moni. Ndinafunsa. Amayi ake a Nora, amene ndimawatchula anti, anakana ndisanamalize nkomwe chiganizo. Nditawauza sisi anangoti palibe vuto, nkupitiriza kundiluka. Sanaitchulenso.

4

Mu Julayi kunazizira kwambiri ndipo agogo anatopa. Anati makina akwana, akufuna kwawo. Aliyense m'nyumba muja amadziwa tanthauzo lake, poti kumudzi kwawoko kulibe makinawo. Anti analira, adokotala analankhula, koma agogo anali atamanga kale katundu wawo, mabulangete awiri ndi timitengo tawo.

Tsiku lonyamuka ananditsina tsaya mpaka kuwawa, nkundiuza kuti iwe wakuba timitengo usamale mnzako. Ine ndinaseka, mukudziwa kale.

Patapita masabata atatu Nora ananditumizira meseji kuti apita. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kutsegula mafoto, ndimafuna kuika pa sitetasi ndi timakandulo ndi dzina lawo, mmene timachitira ife. Ndinali nditayamba kale kuganiza za matisheti. Mwamwayi meseji yachiwiri inafika, yoti ndifufute foto iliyonse ndipo dzina ndisatchule. Ndinafufuta onse, mpaka ndinakalowa kumene foni imasunga zofufutidwa kuja nkufufutanso. Ndinawauzanso sisi.

"Ndafufuta kale," anatero. "Iwe ukundiona ngati ndilibe umunthu?"

Nora anakhala kumudzi masabata sikisi.

5

Anabwerako mu Okutobala, atawonda, tsitsi atadula. Samaseka. Ine ndinati ndimusangalatse, tipite mtauni Loweruka. Nthawi imeneyo njanji ya Armadale amaikonza nde tinakwera basi, ulendo wautali, ine ndikumuuza miseche yonse ya kusukulu imene inamudutsa. Pofika mtauni anali atamwetulirako kawiri. Nde ndinati tiye tidzere kwa sisi Lettie atigulire aisikirimu. Tangoganizani, anali maganizo anga ine ndemwe.

Tinakhota pa kona. Pa windo la shopu ya Oliver panali chinsalu chachikulu, atachiunikira ndi magetsi. Pambali pake foto ya agogo mu felemu, akumwetulira, manja ali penti. Pansi dzina lawo m'zilembo zikuluzikulu, ndi mawu oti iyi ndi ntchito yawo yomaliza.

Nora anatulutsa kamawu ngati munthu amene wapondedwa, nkutembenuka kufulatira windo, manja kumaso. Pafupi nafe panali azibambo anayi a makamera m'khosi, akujambula, akulozerana. Patapita kanthawi anacheuka, dzanja atatchinga mbali ya foto, nkuyang'ana chinsalu chokha. Madontho anali m'mphepete basi. Pakati ponse panali poyera, mizere yoyera ndi yofiira ija ili pa mbalambanda, mumsewu wa anthu onse.

"Foto iyo ndi ya pa khonde pathu," anatero. "Anajambula ndani?"

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, kanangotuluka kokha. Ndinati ndine, koma ndinafufuta, ndinangowatumizira sisi kalekale.

"Nanga chinsalucho? Agogo sakanasiya zimenezo poyera olo atadwala bwanji. Si dzanja lawo. Pali munthu anaziona. Ndani?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

Analowa mu shopu ine ndili pambuyo. Anamuuza Oliver kuti iye ndi mdzukulu, achotse zonse ziwiri pompo. Oliver anapepesa za maliro ndi mawu ake a ubusa aja, nkunena kuti foto akhoza kuiganizira, koma chinsalu ndi chenicheni, anachipeza kudzera kwa munthu wa pafupi ndi banja, ndipo fotoyo ndi umboni. Sisi Lettie anali kuseri kwa kauntala, akupinda pepala limodzi lomwelo, kulifunyulula, kulipindanso. Sanadzutse mutu.

Nora anakwera basi yekha. Anati ndisamutsatire.

6

Chabwino. Apa nde pamene ndakhala ndikuzungulira.

Ndinanama. Chinsalu chija ndinapenta ndine.

Ine kuyambira ndili mwana ndimatha kukopera. Ndikaona chinthu kamodzi chimakhala m'mutu. Siginecha ya mami ndinayamba kuilemba ndili Sitandade 5 kkk. Nde Loweruka lija nditaona za pansi zija, zinakana kuchoka m'maso. Ndinapempha chinsalu kwa aphunzitsi a zojambula, ndikaweruka ndimalowa mu galaja nkumapenta. M'mutu mwanga inali mphatso. Kwathu mwana akatengera luso la agogo anthu amanyadira, amati ameneyu watengera. Ndimaganiza kuti ndikawapatsa adzaseka, adzati wakuba timitengo wakula. Ndipo pakati paja ndinapasiya posaphimba dala, poti ndi pamene panali pokongola.

Mmene Nora amandiuza zoti madontho ndi chofunda, ndinali nditatsala pang'ono kumaliza. Ndikanachiwotcha. Ndikanachiphimba ndi penti yakuda. Koma chinali chinthu chokongola kuposa chilichonse chimene ndinapangapo, nde ndinachimaliza, ndikuchipinda, ndikuchikankhira pansi pa bedi. Ndinati palibe adzachione. Amene amadziwa anali munthu mmodzi yekha, amene amagona pa bedi linalo. Anachiona nkundipsompsona pa mphumi, akuti mng'ono wanga uli ndi dzanja.

Nditafika kunyumba tsiku la windo lija ndinagwada nkusuzumira pansi pa bedi. Nsapato zakale ndi fumbi basi.

Sisi anafika cha m'ma sikisi, dzuwa likadalipo. Anandipeza nditakhala pansi pomwepo. Anatseka chitseko, anavula nsapato mosafulumira, nkunena kuti chinthucho chimangodya fumbi. Akuti Oliver atamva za maliro anawaitana nkuwauza kuti munthu wotere akamwalira aliyense amafuna chinsalu chake, ndipo iwo anali atamulonjeza kale kuti ali ndi njira. Akuti akanatani, poti anti anakana. Akuti Oliver sanafunse zambiri, anangoyang'ana chinsalu, kuyang'ana foto, nkunena kuti ntchito ija aiganizira bwino.

Ndinawafunsa ngati ndi iwo analemba dzina la munthu womwalira kumbuyo kwa chinsalu changa. Ndinawakumbutsa kuti anati mafoto afufuta. Anati ndisiye kuchita ngati mwana. Ndinati ndikamuuza Nora. Pamenepo nde anandiyang'ana, nkhope imene sindimaidziwa.

"Ukanene," anatero. "Koma amene anasuzumira ndi iweyo. Amene anapenta ndi iweyo. Foto anajambula ndi iweyo. Ine ndinangonyamula. Ganiza bwino kuti mnzakoyo adana ndi ndani."

Munthu amene amandiluka tsitsi ameneyo.

Ndinathamangira kwa mami kukhitchini, ndikulira, ndikuseka, zonse pamodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anazimitsa chitofu, nkukhala pansi. Ndimadikira kuti awaitane sisi awakalipire. Anawakalipira ndithu, koma atamaliza anatembenukira kwa ine nkunena kuti nkhaniyi ithere m'nyumba muno. Akuti Lettie anachita kupatsidwa m'manja ndi achemwali awo, akabwezedwa ku Malawi ndi mbiri yakuba adzawayang'ana bwanji kumaso. Akuti chinsalu chigulidwa, chipita kutali, anthu aiwala.

"Anzako udzapeza ena," anatero mami. "M'bale sagula pa msika."

7

Ndinakhala chete masiku eyiti.

Anti ndi a ku senta anamulembera Oliver. Foto anaichotsa, koma chinsalu anachisiya pomwepo, akuti abweretse umboni woti si cha agogo. Sisi anauza mami kuti pali kale munthu wa ku Ulaya amene wachikonda, achitumiza kumapeto kwa mwezi. Kusukulu Nora amakhala mbali ina ya kalasi. Lachinayi anandipeza pa mpopi nkulankhula osandiyang'ana. Akuti kumudzi azakhali ake akulira, ndipo ena akunena kuti ndi amayi ake amene anagulitsa chinsalu cha agogo chosamaliza, poti ndi iwo amakhala nawo mtauni. Akuti amayi ake sakudya. Sanandifunse kanthu. Anangonena nkuchoka.

Anti amene amandidulira keke yaikulu kuposa ya mwana wawo.

Umboni umene Oliver amafuna unali m'thumba mwanga. Mukudziwa mmene tilili ife, sitingapange kanthu osadzijambula. Ndinali ndi vidiyo ya mu galaja, yothamangitsa ija, kuyambira chinsalu chili chakuda mpaka kumaliza, ine ndikuvina, penti pa mphuno, ndikutulutsa lilime. Sindinaiike paliponse koma sindinaifufutenso.

Lamulungu ku tchalitchi kwaya inaimirira, sisi Lettie ali kutsogolo ndi yunifolomu yawo yosita bwino, maso atatseka, dzanja m'mwamba. Mami pambali panga akuyankhira. Ndinanong'ona kuti ndikupita ku toileti. Ndinakhoma chitseko, nyimbo ikumveka pa khoma, ndikumulembera Nora kuti ndine, ndinasuzumira, ndinapenta, sisi anachitenga pansi pa bedi, ndinakunamiza pa windo paja, uwaonetse anti ndi a ku senta. Ndinaika vidiyo. Ndinatumiza.

Inaonetsa kuti wawerenga.

Lachitatu chinsalu chinali chitachoka pa windo. Oliver analemba kalata yokoma kwambiri kwa banja, yoti nayenso ananamizidwa ndi wantchito wake ndipo wamuchotsa. Shopu yake ikadali yotsegula, ndinadutsapo, akadali wonunkhira. Sisi analongedza nkupita ku Ellenbrook kwa anzawo a ku tchalitchi. Viza yawo ikutha mu Malichi. Anandibuloka paliponse. Mayi aakulu anaimba foni kuchokera ku Lilongwe, ndinangomva mami akuti pepani, pepani, ndi mwana. Pano mami akamandituma amati inu. Inu a Debbie, tatsukani mbale. Amene munaleredwa ndi mayi wachimalawi mukudziwa kuti bola mbama.

8

Nde anzanga amene mukuwerenga, ine sindikudziwa kuti ndikuuzeni chani chanzeru, ndili ndi zaka 17 ndipo tsitsi langa lakhala losaluka mwezi wathunthu kkk. Ndimagona ndikuyang'ana bedi lopanda munthu. Tsiku lina ndimawada sisi mpaka mutu kuwawa, tsiku lina ndimafuna atangolowa nkundiuza kuti khala pansi ndikupese. Anandigulitsa, ndipo amadziwa kuti ndi ine ndidzatsale nazo. Mami anandiuza kuti ndisankhe magazi, ngati kuti Nora alibe magazi ake amene amalira kuchipululu uko.

Koma ndikafuna kuloza chala ndimakumbukira kuti sisi sakanaba chinthu chimene kulibe. Ife timaphunzitsidwa kuti ukakonda munthu wamkulu umamulandira ntchito, umamutengera, akamwalira umaika nkhope yake pa chifuwa kuti dziko lonse lione. Ine ndinachita zonsezo ndi mtima woyera, ndipo chilichonse chinali chipongwe pa khomo la eni ake. Anandiuza. Ndi mbama anandiuza, ndi thawulo anandiuza, Nora anandiuza ndi pakamwa. Ine ndinati chokongola sichingakhale choletsedwa. Mukakhala kwa eni ake nkukuuzani kuti apa ayi, musadikire kuti mumvetse kaye chifukwa chake.

Masabata atatu Nora anali zii. Kusukulu tatseka, nde olo kumuona pa mpopi sindimamuona. Lero m'mawa ndikutsuka mbale za a mami foni inalira, ndinapukuta manja pa siketi, ndinawerenga nditaimirira, kenako nditakhala pansi. Ndauika mu Chichewa koma sindinachotse kapena kuwonjezera liwu:

"Chinsalu Oliver wachipereka, chili kwathu. Azakhali awiri afika dzulo kudzachiphimba. Akuti ubwere Loweruka 10 koloko. Sukhudza penti, sukhudza kamtengo, ukhala pa sitepe chofulatira mpaka amalize, olo zitenge tsiku lonse. Kenako ulankhula ndi amayi wekha, ine sindikuthandiza. Vidiyo ufufute iwo akuona. Sindinakukhululukire, Debbie, sindikudziwa ngati ndidzatero. Koma ubwere. Ndipo ukaseka ndikumenya ndine."